Kalavani ya a Chikaonda ndi Tambala wa Chinkhoswe

Masiku ano munthu akandiuza kuti "madala, kwerani ndikuperekezeni", ndimayamba ndazungulira galimoto yake kuyang'ana matayala. Ana a kutchalitchi amati ukalamba wandilowa m'mutu. Asiyeni anene. Iwo sanakhalepo m'mbali mwa msewu wa ku Mangalande atakumbatira tambala, banja la mwana wa eni likuthera m'manja mwawo.

Nkhani yake ndi ya Limbani, mwana wa malemu mlongo wanga. Mnyamatayu anapeza mbeta ku Manchester, dzina lake Tadala, ndipo poti kuno ku Ulaya malume wake ndine ndekha, unkhoswe unagwera ine. Tsiku loyamba limene tinapangana linalephereka chifukwa ndinagonekedwa m'chipatala chachikulu chija cha ku Govan, shuga atandikwera. Akuchikazi anapirira, koma osati mokondwa. Mayi ake a Tadala anali atabwera kuchokera ku Ntcheu ndipo masiku awo okhala kuno anali kutha: chinkhoswe Loweruka, Lamulungu iwo pa ndege. Malume wake wa mtsikanayo, a Kamwendo, anandiuza pa foni mosapsatira.

"Mukalepheranso ulendo uno, a Zimba, tidziwa kuti kwanuko simukufuna. Mwana wathu sitimupereka pa foni."

Tsono chinkhoswe chopanda nkhuku ndi msonkhano chabe. Akuchimuna timapereka tambala, akuchikazi amatipatsa thadzi, zonse zamoyo. Achinyamata ena kuno amangogula nkhuku youma ya mufiriji n'kuimanga kaliboni, koma a Kamwendo anati zimenezo kwawo ayi. Ndiye ndinakapeza tambala kwa mlimi wina kupitirira Lanark, wofiira, wamwano. Anagona m'bafa mwathu ku Govanhill. Kunoko nyengo yotentha kumacha msanga kwambiri, ndipo iye sanafune kuti m'nyumba zosanjikizana zonse zija pakhale munthu wosadziwa. Mnansi wathu wa ku Pakistan anagogoda. Ndinayesa wabwera kudzakalipa, koma ankafunsa ngati tikugulitsa.

Pa basi tambala sakwera. Apa ndi pamene analowerapo a Chikaonda, mkulu wa mpingo kwathu, mnzanga wa zaka zambiri. Kale ankayendetsa malole a thonje ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo palibe nkhani imene mungayambe nawo, kaya ya ubatizo kaya ya mpira, imene siikathera ku Bangula. Iwowa anali ndi galimoto komanso kalavani, kanyumba kokoka kaja kokhala ndi bedi, sitovu ndi kachimbudzi. Anaigula kwa mzungu wina n'kuiimika kuseri kwa galaja ku Govan, ndipo chiigulireni inali isanayendepo. Inangokhala pamenepo mvula ndi chisanu zikuisinthanasinthana.

"Tidzagona momwemo, za mahotela tisiye," anatero a Chikaonda. "Tidzafika ngati anthu."

Tinalengeza kutchalitchi kuti atipempherere. Inu mukuwadziwa Amalawi. Akamva kuti ukupita kwinakwake, pemphero limakhala lalifupi, chotsatira ndi "mungonditengerako kaphukusi aka kwa mwana wanga". Pofika Lachisanu madzulo tiphukusi tija tinali matumba a ufa, matumba a mpunga, mapoto akuluakulu a amayi a chigwirizano, makreti a zakumwa, mipando yopinda, makina osokera, ndi kafiriji ka mayi wina wa ku Sighthill. Onjezerani zathu za mwambo: khasu, nkhwangwa, lichero, mtondo ndi munsi wake. Naphiri, mkazi wanga, sanabweze ngakhale mmodzi. Akuti ukakana phukusi la munthu, pa maliro ako adzabwera koma sadzaimba.

Loweruka kunacha ndi dzuwa, lija limavulitsa azungu a ku Glasgow malaya. A Chikaonda anayang'ana kumwamba, anamenya tayala la kalavani ndi nsapato, kenako anagwada n'kutulutsa kamtengo ka machesi. Anatosa pa kamlomo kopopera paja. Fyiii.

"Mukutani kodi, achimwene?"

"Kutentha lero. Tayala likakhuta mpweya, phula n'kupsa, limaphulika. Ku Bangula tinkachita chonchi tisananyamuke."

Anapita mbali inayo, fyiii. Kalavani inakhala pansi pang'ono ngati munthu wakhuta mphale. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5 ndipo galimoto sindinayendetsepo, koma maso ndili nawo. M'mbali mwa matayala aja munali timing'alu ngati chidendene cha munthu wolima dimba.

"Nanga timing'alu iti?"

"Makwinya chabe. Taonani mano ake, onse alipo. Kuposa inu, a Zimba."

Tinanyamuka. A Chikaonda pa chiwongolero, Naphiri kutsogolo chifukwa amachita chizungulire, ine kumbuyo ndi katoni ya tambala pamiyendo. Tinadutsa Hamilton, tinadutsa Lesmahagow. Ndikacheuka ndimaona kalavani ikugwedeza matako ngati ikuvina chisamba. Lole ikatipitirira, inkavina kwambiri. Ndinanena. A Chikaonda anati ikuzolowera msewu.

Titapitirira Abington, tikutsika chitunda chachitali cha ku Beattock, kunamveka phuu ngati mfuti ya gogodela. Galimoto inakokera kumanzere, Naphiri anaitana Yesu ndi mayi ake omwe, tambala anadumpha m'katoni n'kundimenya chibwano. A Chikaonda, ndiwapatse ulemu wawo, anaigwira mpaka inaima m'mbali.

Tayala lakumanzere la kalavani linali nsanza zokhazokha, mawaya ali panja, likufuka utsi.

"Sipeya ilipo, musade nkhawa," anatero.

Inalipodi, pansi pa kalavani, m'chitsulo chimene dzimbiri linachikwatira kalekale. Tinalimbana nacho ndi sipanala, ndi mwala, mpaka ndi nkhwangwa ya chinkhoswe. Chitamasuka tinaika jeki. Jeki inalira, inapindika khosi, kalavani osasuntha. Katundu.

Abale anga, tinatsitsa zonse. Madala awiri ndi mayi mmodzi wa nyamakazi, kunyamula matumba a ufa n'kumawaika pa udzu kuseri kwa chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Mapoto, makreti, makina osokera, kafiriji. Pamalopo panaoneka ngati msika wa ku Lizulu, kungoti ogula anali nkhosa. Malole ankadutsa pafupi ndi msana wanga, mphepo yake n'kumandikankha. Ndinayamba kuona timadontho takuda m'maso monga ndinkaonera ndisanagonekedwe kuchipatala. Sindinauze munthu.

Foni inalira. Limbani.

"Amalume, muli pati? Anthu ayamba kufika kuholo."

"Tili pafupi, mphwanga."

"Pafupi pati?"

"Pafupi ndi Moffat."

Limbani amaudziwa msewu ameneyo.

"Amalume, simunatuluke n'komwe mu Scotland."

"Tikutuluka pompano. Uwapatse anthu zakumwa."

"Zakumwa zili ndi inuyo."

Sipeya italowa ndinati tisiyeko zina, mwina kafiriji. Naphiri anandiyang'ana ngati ndanena kuti tisiye mwana. Tinalongezanso zonse. Sipeya nayo inakhala pansi, mimba yake itatuluka m'mbali.

Lockerbie ndinangoiona pa chikwangwani. Pa Gretna, malire a Scotland ndi Mangalande, palibe wofunsa pasipoti kapena wosintha ndalama ngati pa Mwanza, koma pali malo opumirapo a apaulendo. Tinakhota kuti Naphiri akadzithandize. Ine ndinapita kukatunga madzi a tambala. Pobwera ndinapeza a Chikaonda atagwadanso ndi kamtengo kawo ka machesi.

"Ndaganiza bwino," anatero. "Mmawa muja ndinachotsa wochepa. N'chifukwa chake laphulika."

Fyiii.

Pafupi ndi ife panaima kalavani ina yoyera bwino, ndipo pa kampando panja pake panakhala gogo wina wachizungu akumwa tiyi, kagalu kali pamapazi. Anaika kapu pansi n'kubwera. Chingerezi cha ku Scotland kuno chimandivuta ngakhale tsiku labwino, koma mantha amamasulira. Ndinamva zonse. Anati tayala la kalavani limafuna mpweya wochuluka kuposa la galimoto, makamaka ukalongeza katundu, ndipo mlingo wake unalembedwa m'buku la kalavaniyo. Anati tayala lofewa ndiye limapsa, chifukwa likamagudubuzika limangopindikapindika ngati waya amene ukufuna kumudula ndi manja. Anagwira tayala lakumanja n'kuchotsa dzanja msanga. Analoza timing'alu tija, nati tayala limakalamba lili chiimire, mano onse alipo, ndipo iye ake amasintha pakapita zaka zochepa ngakhale akuoneka atsopano. Mpweya amayeza mmawa matayala asanatenthe. Anapita m'kalavani yake n'kubwera ndi kageji kakang'ono ngati cholembera, kuti tiyeze.

A Chikaonda anavula chipewa, anathokoza mwaulemu wonse m'Chingerezi, kageji osakalandira. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Gogo ameneyu anayamba wakwerapo chitunda cha Thabwa ndi thonje lodzaza lole?"

"Achimwene, makina opopera si awo apo? Tiyeni tingowonjezera pang'ono. Ndikukupemphani."

"Kuwonjezera pa dzuwa limeneli? Mukufuna tife?"

"Mayiyu akuti..."

"A Zimba, galimoto ndi yanga kapena yanu? Chinkhoswe ndi chanu, chiwongolero ndi changa. Kwerani."

Ndikanatani? Dalaivala wina ndinalibe. Tikutuluka ndinacheuka. Gogo uja anaimirira pomwepo ndi kageji kake m'manja, akutiyang'ana monga anthu amayang'anira galimoto ya maliro.

Carlisle. Penrith. Limbani anaimbanso, ndinati tikuuluka. Anandiuza kuti eni holo akufuna makiyi awo madzulo chifukwa kukubwera phwando lina, kuti Tadala wakhala m'kachipinda atafundidwa chitenje kuyambira masana, kuti mayi ake sakulankhula ndi munthu. Ndinamuuza kuti alimbe mtima monga dzina lake. Mawu ake anali ngati a mwana wa sukulu.

Tikukwera mapiri a ku Shap ndinamva fungo la mphira wopsa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma tayala linandiposa liwiro. Lakumanja, mbali ya msewu. Ulendo uno kalavani sinavine, inachita misala. Inapita kumanja, inabwerera kumanzere, inakankha galimoto chammbali mpaka tinakagunda chitsulo cha m'mphepete. Zidutswa za tayala zinaboola pansi pa kalavani n'kung'amba matumba, ndipo titatuluka tinapeza msewu wonse uli mbuu, ufa ukuuluka ngati nkhungu ya pa Dedza.

Palibe anavulala. Ndinawerenga Naphiri, a Chikaonda, tambala, onse amoyo. Ndinati basi, timasule kanyumbaka tikasiye pompano, tithamange ndi galimoto. A Chikaonda anangoloza. Tayala lakumbuyo la galimoto linali litapindikira mkati ngati mwendo wa matewe.

Anabwera akuluakulu oyang'anira msewu ndi magetsi awo ophethira, anatseka mbali imodzi, anaitana chigalimoto chonyamula zowonongeka. Kudikira kwake, abale. Tinaima pa udzu, mphepo ya m'mapiri ikutiwaza ufa, mpaka suti yanga yakuda inasanduka ya mzimu. Mmodzi wa akuluakulu aja anafunsa chimene chinali m'katoni. Ndisanayankhe tambala anadziyankhira yekha. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukasesa msewu.

Anakatitula pa malo opumirapo otsatira, pakati pa mapiri, pomwe palibe tawuni. A Chikaonda anaimbira ogulitsa matayala. Wina anati saizi imeneyo alibe, wina anati Lolemba, ndipo za galimoto yopindika mwendoyo panalibe n'komwe wofuna kumva. Ine ndinayamba kuyendayenda ndi katoni yanga. Wa takisi amene ndinamupeza pa foni anavomera, koma atamva za nkhuku anadula. Ndinapempha madalaivala a malole, wina sankamva Chingerezi changa, wina anati lamulo la kuntchito silimulola. Panaima basi yodzaza anyamata ochokera ku mpira. Anandijambula ndi mafoni awo, anamuimbira nyimbo tambala, koma malo analibe. Ndinafika popempha banja lina lachizungu nditagwira chitseko cha galimoto yawo. Mayiyo anakweza galasi.

Foni inaliranso. Sanali Limbani.

"A Zimba, ndine Kamwendo. Anthu ayamba kubalalika. Mundiuze zoona, muli kuti?"

Ndinawauza zonse, dzina la malowo, matayala, ufa, galimoto. Ndinati, "Bambo, ndikugwada. Mlandu ndi wanga, mwanayo alibe chifukwa. Mayi ake kulibe, bambo ake kulibe, ali ndi ine ndekha, ndipo ine ndi ameneyu ndakhala pa msewu."

Anadula osayankha.

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinaimbira Limbani, foni yake sinayankhidwe. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Naphiri anakhala pa thumba la mpunga akupemphera chapansipansi. A Chikaonda anaima patali atatembenukira kuphiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analibe nkhani ya ku Bangula. Tambala anali wefuwefu, kukamwa yasa. Ndinamumwetsa madzi ndi chivindikiro cha botolo. Ndinaganiza za mlongo wanga, mmene anandigwirira dzanja ku chipatala cha ku Zomba n'kunena kuti mwanayu ndi wako. Ndinaganiza za mawa, mayi ake a Tadala akukwera ndege kukauza mudzi wonse ku Ntcheu kuti akuchimuna anathawa kawiri. Ndalira pa maliro ambiri mwa mwambo chabe, koma tsiku limenelo misozi inadzilembera yokha mizere pa ufa wa kumaso.

Dzuwa linapendeka. Kunayamba kuzizira. Magalimoto ankalowa, anthu n'kugula khofi wawo, n'kumapita.

Kenako inalowa minibasi yotuwa, inazungulira pang'onopang'ono n'kuima pafupi ndi kalavani yathu. Anatsika bambo wamfupi, wa suti yabuluu ndi tayi. Ndinali ndisanawaonepo maso ndi maso, koma nkhope ija inali yofanana ndi mawu a pa foni: a Kamwendo. Ndinaimirira n'kutambasula dzanja. Anandidutsa. Anazungulira kalavani, anasuzumira mkati, anaona kafiriji ndi makina osokera. Anagwada pa sipeya ija, tayala lokhalo lotsala, analidina ndi chala chachikulu, chala n'kulowa.

"Ndani anachotsa mpweya?"

A Chikaonda anayandikira, chipewa chili m'manja.

"Ndine, bambo. Kunatentha. Ife ku Chikwawa..."

"Ku Chikwawa nakonso ankaphulika, akulu. Munkangonamizira dzuwa."

A Chikaonda anayang'ana pansi. A Kamwendo anadzipukuta bondo n'kubwera kwa ine.

"Ndimati mukunama, a Zimba. Ndinati ndikadzionere ndekha, ndikapeza palibe munthu nkhani ithere pomwepo." Anatsegula katoni, anayang'anizana ndi tambala. "Wamoyo."

"Wamoyo, bambo. Kuposa ine."

Sanaseke. Anapita kukatsegula chitseko cha minibasi. Anatsika Limbani, maso ofiira. Anatsika amayi angapo a zitenje zofanana, mmodzi atanyamula dengu lophimba. Anatsika munthu wofundidwa chitenje kumutu mpaka kumapazi, akumugwira dzanja. Pomaliza anatsika mayi wachikulire wowonda, wa duku loyera, mayi ake a Tadala. Anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, ufa wokhawokha.

"Achimwene," anatero kwa a Kamwendo, "munthu wosafuna banja safika pooneka chonchi. Yalani zitenje."

Tinachitira pa kaudzu kuseri kwa malo oimika malole. Mipando yopinda ija inagwira ntchito, zakumwa zija zinamwedwa, ngakhale zinali zofunda. Amayi anaimba motsitsa poopa kuthamangitsidwa, koma nthungululu sizimvera lamulo. Limbani anavundukula chitenje, ndipo Tadala atationa ine ndi a Chikaonda anayamba kuseka kosaleka, misozi ili mbwembwembwe. Madalaivala a malole anatsika kudzaonerera atagwira makapu awo. Khasu linaperekedwa, lichero linaperekedwa, nkhwangwa inaperekedwa ndi mano ake obunthawo.

Itafika nthawi yake, ndinatulutsa tambala, ndinagwada bondo limodzi, linalo linakana, n'kumupereka kwa a Kamwendo ndi manja awiri. Anamulandira. Mayi wa dengu uja anawapatsa thadzi lakuda, lonenepa, iwo n'kuliika m'manja mwanga.

"Tamangana, a Zimba," anatero. "Anawa akadzayambana, ndidzakuimbirani inuyo, ndipo mudzabwere. Koma mudzabwere pa sitima."

"Ndamva, bambo." Ndinayang'ana kalavani ya mwendo umodzi, galimoto yopunduka, mapiri mbali zonse, thadzi likundijompha chala. "Nanga ili ndibwerera nalo bwanji ku Glasgow?"

A Kamwendo anapanira tambala wawo m'khwapa.

"Zimenezo ndi za kuchimuna."